Bondo Louma ndi Zogwadira za Aroma

Ana anga, zaubwana wanga sindilemba. Ndinaweta mbuzi, ndinakwapulidwa kusukulu, ndinakula. Palibe chachilendo pamenepo. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa ngati pali chimene ndasiya pansi pano ndi matabwa. Ndalemba m'Chichewa dala, popeza ana anu a ku Lilongwewo Chitumbuka chawo chimathera pa "yewo". Mlandu umenewo ndi wanu, si wanga.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: ntchito yoyamba

Nditamaliza Fomu 4 ndinaphunzira ukalipentala zaka ziwiri, kenako ndinangokhala kwathu ku Henga n'kumakonza zitseko za anthu. Kalata yondiitana ku ntchito inachokera kumene sitinkayembekezera, ku shedi ya matabwa ya Akatolika ku Mzuzu. Agogo anu, adada anga, anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni komanso mkulu wa mpingo wathu wa Chipulesibiteriyani. Anawerenga kalatayo kawiri, anaipinda, anaiika m'Baibulo. Patatha masiku atatu anandiitana pakhonde. Ankalankhula Chitumbuka, koma ndikuuzani m'Chichewa.

"Yotamu, ntchito ndi ntchito, pita. Ukadye nawo Aromawo, ukaseke nawo, maliro awo ukalire. Koma chinthu chimodzi. Bondo lako lisadzagunde pansi m'nyumba yawo yopemphereramo. Muli zosema mmenemo, ndipo ife sitigwadira chopangidwa ndi manja."

"Ndamva, adada."

"Kumva kokha ayi. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Sanandigwiritse Baibulo. Kwathu inde wa munthu ankakwanira.

Bwana wanga woyamba anali Bulaza Damiyano, mmodzi wa amuna aja amene amadzipereka ku mpingo wawo, osakwatira, koma si ansembe. Anali wa ku Dedza, wamfupi, wa manja ngati makasu, ndipo Chitumbuka chinamukana moyo wake wonse. Iyeyo ndiye anawongola Chichewa changachi. Tsiku loyamba sanandipatse sowo kapena hamala. Anati, "Mnyamata, tiye ukaone nyumba imene uziitumikira." Tinalowa m'tchalitchi chachikulu chija, cha episkopi. Ine ndinazolowera tchalitchi chathu cha kumudzi: makoma oyera opanda kanthu, gome la abusa, mabenchi, basi. Mmenemo ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Denga linali kutali, mitanda yake yamatabwa ikuonekera yonse, yolumikizidwa mwaluso moti ndinaiwala kuti ndili kwa Aroma n'kuyamba kuwerenga mabawuti. Mawindo ena anali a magalasi amitundu, ndipo dzuwa linkataya zofiira ndi zobiriwira pasimenti. M'makoma munali zithunzi khumi ndi zinayi za ulendo wa Yesu wopita pamtanda. Kutsogolo kunali guwa, kanyali kofiira kakuyaka masanasana, ndipo pambali panali mpando umodzi wautali msana.

"Tchalitchi chino n'chachikulu osati chifukwa cha njerwa," anatero Bulaza. "N'chifukwa cha mpando uwo. Ndi wa episkopi. Ukauchotsa, chatsala n'tchalitchi ngati china chilichonse. Ukadzaukhalira ndidzakudula makutu."

Anandiuzanso kuti Akatolika anafika mochedwa kumpoto kuno, atapeza a mishoni yathu atamanga kale masukulu ndi zipatala. Ankayamba kupempherera pansi pa mitengo ndi m'zisakasa zaudzu, mzindawo ukadali nyumba zowerengeka. Njerwa zambiri za matchalitchi awo anaumba ndi akhristu eni ake, amayi akutunga madzi. Kenako anasolola pensulo kukhutu kwanga n'kuigoneka pansi. Pensulo ija inayamba kugubuduka yokha kulowera kuguwa. "Waona? Pansi pano mpotsetsereka pang'ono, kuti wa kumbuyo aziona wansembe. Omanga anaganiza." Ndinagwedeza mutu ngati wanzeru. Mukumbukire pensulo imeneyi, chifukwa ine ndinaiiwala.

Potuluka ndinaona kambale kamwala pakhoma, muli madzi. Ndinati anthuwa ngaukhondo, n'kusambamo m'manja bwinobwino mpaka m'zigongono. Bulaza anaseka mpaka anakhala pansi pamasitepe. "Madzi odalitsa amenewo, chitsiru iwe! Chabwino, manja ako adalitsidwa kale, ukaononge thabwa langa uone."

Zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira: Bondo Louma

Ntchito inatizunguza. Tinakhoma madenga m'maparishi a kumidzi, cha ku Bolero, ku Rumphi Boma, mpaka kunyanja kumene malata ankatentha ngati chiwaya. Tinapanga zitseko, madesiki a sukulu, makabati a asisiteri ndi mabokosi a maliro. Ku Bolero ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu, aNyachirambo, atabwera kudzadandaula kuti opala matabwa akutaya zopalapala m'munda mwa bambo awo. Tinakangana tsiku limenelo ndipo sitinasiyebe.

Mukundidziwa, mtima wanga uli pafupi. Ndinathamangitsapo wogulitsa misomali ndi thabwa m'manja. Wansembe wina wachinyamata, wongobwera kumene ku maphunziro, anandiuza kuti mtanda wa denga ndaupendeketsa. Ndinamupatsa levulo, chida choonera ngati chinthu chapendekeka, n'kumuuza kuti akwere yekha akaone, ine Misa yake sindiikonza. Bulaza anandipepesera kangapo konse, ndipo kawiri anandibweza pageti nditanyamula kale bokosi langa la zida.

Koma lonjezo lija ndinalisunga. Anzanga onse akamadutsa kutsogolo kwa kanyali kofiira ankapinda bondo limodzi. Ine ndinkavula chipewa n'kudutsa chilili. Ntchito ikakhala yapansi, monga kukhoma thabwa m'munsi mwa khoma, ndinkanjuta ngati munthu ali kuthengo, kapena kukhala pansi miyendo tambalale. Kalipentala wosagwada, taganizani. Anzanga anandipatsa dzina loti Bondo Louma, ndipo linafika mpaka kwa episkopi. Palibe anandikakamizapo. Bulaza anandifunsa kamodzi kokha, ndinamuuza za adada, ndipo anangoti, "Munthu wosunga mawu a bambo ake sangandibere misomali." Nkhani inathera pomwepo.

Chaka chimene mafuta anasowa

Mukukumbukira nthawi ija magalimoto ankagona pamizere kudikira dizilo. Pamenepo n'kuti ndili kapitawo wa shedi yonse. Bulaza anali atakalamba, akuyendera ndodo, ntchito yake ili yokhala pampando pakhomo la shedi n'kumatinyoza. Mabenchi a m'tchalitchi chachikulu anali atatopa, ndipo anatiuza kuti tipange atsopano Pasaka isanafike. Benchi ya Akatolika si benchi chabe. Kumbuyo kwake, m'munsi, kumakhala thabwa lalitali limene a mzere wotsatira amagwadapo. Timati chogwadira.

Matabwa tinali nawo ochepa, ndipo lole yokatenga ena inalibe mafuta. Ndiye ndinachenjera. Ndinati thabwa logwadapo lichepe m'lifupi, nanga bondo ndi lalikulu bwanji? Ndinayeza ndi sikweya, chida choyezera ngodya, zonse zinali chilili. Ndinagwadapo ndekha m'shedi momwemo, pakuti shedi si tchalitchi, ndipo ndinamva bwinobwino. Tinapanga mabenchi khumi oyamba, tinawapaka vanishi, tinakawaika kutsogolo Loweruka. Ankawala ngati galasi.

Lolemba m'mawa m'shedi munalowa aNyakumwenda. Anali mayi wachikulire wa m'gulu la amayi osesa m'tchalitchi, wamng'ono thupi koma pakamwa pake pa anthu khumi. Sanapereke moni. Anakweza chitenje mpaka m'mawondo pamaso pa amuna onse. Pa miyendo yonse iwiri, m'munsi mwa bondo, panali mzere wakuda wotupa.

"A Mhango, mwationa ngati ndife mbuzi zoti mutidule miyendo?" anandifunsa.

"Amama, zogwadira zija n'zoyezedwa."

"Zoyezedwa ndi ndani?"

"Ndi ine. Ndagwadapo ndekha muno."

"Muno! Kodi ife timapempherera muno? Inu a Bondo Louma, wophika wosalawa amapha anthu ndi mchere."

Magazi anandikwera. Ndinamenya tebulo ndi hamala n'kunena kuti ndagwira matabwa zaka zoposa makumi awiri, sindingaphunzitsidwe ndi munthu wa tsache. Ndinanenanso kuti ngati mawondo awo akalamba asanamizire benchi yanga. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Iwo anatsitsa chitenje mwaulemu n'kunena kuti, "Mawa nayini koloko timachita kolona. Malo alipo." Anatuluka.

Ndinatuma anzanga atatu a m'shedi, Akatolika onse, kuti akagwade akandiuze zoona. Anabwerako msanga. Woyamba anati zili bwino, kapitawo. Wachiwiri anati zili bwino kwambiri. Wachitatu anayang'ana hamala ili m'manja mwanga n'kunena kuti sanaonepo chogwadira chokoma chotero. Bulaza anaseka pampando pake mpaka kutsokomola.

"A Mhango, mwawaopseza anthuwa zaka zonsezi, lero mukufuna akuuzeni zoona? Tamverani. Matabwa atsalawo ngokwanira ulendo umodzi. Mukalakwitsanso, anthu adzagwada pa mipeni zaka makumi atatu, ndipo aliyense azidzati anapanga ndi Mhango wa ku Henga."

"Ndiye mukuti ndiphwanye mawu amene ndinapatsa adada?"

"Ine sindinanene. Ine ndati matabwa ngokwanira ulendo umodzi."

Ndinayesa njira zonse zozembera. Ndinalowa m'tchalitchi ndi tepi, ndinanjuta, ndinayeza, ndinadina ndi chikhatho. Chikhatho si bondo. Manambala onse ankati ndakhoza, koma miyendo ya mayi uja inkati ndalakwa. Kunyumba amayi anu anandiuza kuti, "Gwadani mwakachetechete, adada akamva kwa ndani?" Ndinawayankha kuti ndikamva ndine.

Lachiwiri nayini koloko ndinalowa. Munali amayi ngati khumi ndi awiri, aliyense ali ndi mikanda yowerengera mapemphero, imene amati kolona. ANyakumwenda anasendera osandiyang'ana n'komwe. Ndinaima kanthawi, thukuta lili kamukamu ngakhale ku Mzuzu kunkazizira, kenako ndinapinda mawondo onse awiri. Analira ngati chitseko chakale. Mayi wina kumbuyo anati "Mayo!" koma anzake anamugwira.

Poyamba sindinamve kanthu, ndipo mumtima ndinati ndawina. Atatha mapemphero khumi oyamba ndinazindikira kuti thupi langa likutsetserekera kutsogolo pang'onopang'ono. Kulemera konse kunachoka pabondo n'kupita pafupa la m'munsi mwake, pamene mphepete ya thabwa inali yakuthwa. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira pensulo ija. M'shedi pansi mpolingana, koma muno mpotsetsereka. Chogwadira changa chowongoka chija, chitaikidwa pano, chinkaweramira kuguwa n'kumamukankhira munthu pa mpeni. Zaka zonsezo ndinkadziwa kutsetsereka kumeneku ndi mapazi, koma mapazi sadandaula. Pofika pakati pa kolona ndinkafuna kulira. Ndinayang'ana mayi wokalamba pambali pangayo, ali phee, milomo ikuyenda, ndipo ndinadziona kuchepa.

Ndikuuzeninso china chimene ndinaona, poti ndikufuna kulemba zoona. Nyumba ija ndinkaidziwa bawuti iliyonse, koma ndinali ndisanaionepo kuchokera pamene eni ake amaionera. Ukagwada, misana ya mabenchi imabisa zonse za m'mbali, mitanda ya denga imaoneka ngati ikuthamangira malo amodzi, ndipo kuwala kwa magalasi amitundu kumagwera pa manja ako. Amene anaimanga anaimangira munthu wogwada. Sindinasanduke Mkatolika, musatenge nkhani. Sindinapemphere n'komwe, ndinkawerenga mainchesi. Koma ndinavulira chipewa amisiri amenewo kachiwiri.

Atamaliza ndinalephera kudzuka. ANyakumwenda anandigwira mkono. "Mchere wakwana, a Mhango?" Ndinati, "Amama, ndinakulakwirani dzulo. Pepani chomene." Anati, "Pepani wanu tikamuonera pathabwa."

Tinachotsa zogwadira khumi zija. Zatsopano ndinazikulitsa m'lifupi, ndinazipendeketsa pang'ono kubwerera kumbuyo kuti zilimbane ndi kutsetsereka kwa pansi, ndipo mphepete ndinaipala mpaka inakhala yobulungira ngati mpini wa khasu. Chilichonse ndinkachiyesa ndekha pamalo pake. Munthu ukaphwanya lonjezo kamodzi chifukwa cha ntchito, bola ntchitoyo ikhale yabwino. Matabwa anakwanira, anatsala oti n'kupangira kampando kamodzi.

Loweruka lotsatira: ku Henga

Sindinafune kuti adada amve kwa anthu a m'minibasi. Magalimoto anali osowa, ndinakwera lole ya fodya mpaka panjira n'kumaliza wapansi. Ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde lomwe lija. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, maso atayamba kuchita khungu. Nditapereka moni sindinazungulire.

"Adada, ndagwada m'tchalitchi cha Aroma."

Singano inaima. "Anakukakamiza?"

"Ayi."

"Unkapemphera?"

"Ayi. Ndinkayeza thabwa."

Ndinafotokoza zonse, za mayi uja, za pensulo, za matabwa osowa. Anamvetsera mpaka kumapeto, monga ankachitira pa milandu ya mpingo. Kenako anati, "Nkhani yako ndi yomveka. Koma sindinakuuze kuti usagwade pokhapokha pakhale chifukwa chomveka. Ndinati usagwade, ndipo iwe unati inde." Anabwerera ku nsapato yawo. Sanakalipe. Ine ndimadziwa kulimbana ndi munthu wokalipa, koma wachete amandithera nzeru. Ndinabwerera ku Mzuzu mawa lake osatsanzikana bwino, ndipo miyezi isanu moni wawo unkabwera kudzera kwa amayi anu: "Muwauze a kalipentala kuti tili bwino." Dzina langa sankalitchula.

Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho

Anabwera ku Mzuzu kudzachotsa ng'ala m'diso, ndipo anagonera kwathu. Atachira, m'mawa wina tikumwa tiyi, analankhula akuyang'ana kukhoma. "Ndikufuna ndikaone thabwa limene linagula mawu a mwana wanga."

Tinapita chapakati pa sabata, mulibe mapemphero. Anavala jekete yawo yakuda ya pa Mgonero. Pakhomo anavula chipewa, anayang'ana kambale ka madzi kaja, ndipo ndinawagwira dzanja msanga, poti magazi ndi amodzi. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, diso latsopanolo likuzungulira denga. Pa zosema sanayang'anepo, ngati munthu wodutsa pamene ena akusamba. Kutsogolo aNyakumwenda ankasesa, ndipo Bulaza anali atatitsatira ndi ndodo yake n'kukhala kumbuyo.

Adada anasankha benchi, anaigwedeza kuti aone ngati ikulira, anapititsa chala m'malumikizidwe kufuna mpata. Sanaupeze. Anakhala pansi, anatsamira, anapumira m'mwamba. Kenako anachita zimene Mpulesibiteriyani aliyense amachita akalowa m'tchalitchi cha Akatolika: anatambasula miyendo n'kusanjika nsapato zonse ziwiri, za fumbi la ku Henga, pa chogwadira changa.

Ndinaiwala kuti ndine wolakwa wodzapepesa. Ndinaiwala kuti ndili m'tchalitchi.

"Adada! Chotsani mapazi pamenepo! Si poikapo nsapato, pamagwada anthu!"

Mawu anga anagunda denga n'kubwerera. Tsache la aNyakumwenda linaima. Chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu adada.

Adada anandiyang'ana. Anatsitsa phazi limodzi, kenako linalo. Pathabwa panatsala zidindo ziwiri za fumbi. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kampango koyera, anawerama kuti apukute, koma msana unakana ndipo dzanja silinafike. Anagwira benchi yakutsogolo, anatsetsereka pampando, ndipo ndinaona ndi maso angawa bondo la mkulu wa mpingo wa ku Henga likutera pa chogwadira cha Aroma. Anapukuta fumbi lonse mosafulumira, mpaka m'mphepete. Atamaliza sanadzuke msanga. Anasuntha bondo uku ndi uku, akumvetsera thabwa.

ANyakumwenda anali atafika pafupi, tsache lili m'manja. "Monire, adada. Malo alipo, nayini koloko."

"Yewo, amama," anayankha adada. "Koma musatenge nkhani. Ine ndikupukuta, sindikupemphera."

Kumbuyo Bulaza anayamba kutsokomola kwake kuja.

Adada anakweza dzanja osandiyang'ana. "Silikupweteka. Yotamu, tandidzutsa."

Adada anamwalira patapita zaka zitatu, Bulaza anawatsatira, ndipo ine ndinapuma ntchito mapewa atayamba kukana sowo. Za lonjezo lija sitinakambiranenso. Kampando kamene ndimakhalira pakhonde pano ku Henga ndi ka matabwa otsala aja. Mukadzapita ku Mzuzu ndi ana anu, mukalowe m'tchalitchimo mukawaonetse ntchito ya agogo awo. Kugwada kapena kusagwada, zimenezo n'zanu, ine sindilonjezetsa munthu. Koma mwana aliyense amene adzaike nsapato pa thabwa langa, mudzamuuze kuti ndikadali moyo ndipo hamala ndili nayo.